Mikono Yonse ya Kumanzere

Achemwali anga anali telala, ndipo pa mdadada wathu panalibe wodula nsalu kuposa iwo. Musati ndikuwakometsera chifukwa tinayamwa bere limodzi. Ine sindiyamikira munthu mwachibale, ndipo iwo ndinakangana nawo kuposa wina aliyense. Mdadadawo unali wa timashopu toyang'ana kumsewu, khonde limodzi lalitali, ndipo pafupifupi chitseko chilichonse chinali ndi telala wake. Ine ndinkagwira m'shopu ya achemwali. Yanga inali ntchito ya mabatani, mabowo ake ndi kusita. Ndinapsa zala ndi simbi kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zinabwera, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu.

Chimene chinkadyetsa mdadada wonse inali oda ya hotela ina yaikulu. Chaka chilichonse hotelayo inkasoketsa malaya atsopano a antchito ake, operekera zakudya, oyala mabedi, olandira alendo, onse. Odayo anaipeza ndi achemwali paokha, atasokera bwana wogula katundu wa hotelayo jekete imene inamukhala kuposa za m'sitolo. Munthu wanzeru akanatseka pakamwa, n'kulemba aganyu angapo, n'kumadya yekha mwakachetechete. Koma tsiku limene galimoto ya hotela inatsitsa mipukutu ya nsalu koyamba, achemwali anaima pakhonde n'kuyamba kuwomba m'manja ngati akuitana nkhuku.

"Tulukani, tulukani! Ntchito yabwera!"

Kuyambira pamenepo zinkayenda motere. Tebulo lodulira linkatulutsidwa pakhonde. Mapatani a katoni, amene telala wina aliyense amabisa pansi pa matiresi, iwo ankawakoloweka pa msomali panja pa chitseko, wofuna kukopera azikopera. Ankapinda nsalu pawiri, n'kuika patani, n'kulemba ndi choko, n'kudula anthu onse ataunjikana akuonerera. Aliyense anali ndi ufulu wokuwa. Wina ankati kolala yachepa, wina ankati thumba lapendekeka, ndipo achemwali ankaima n'kuyang'ananso, ngakhale wokuwayo akhale wophunzira wadzulodzulo. Zidutswa zinkamangidwa m'mitolo ndi timizere ta nsalu, aliyense n'kunyamula wake kukasoka m'shopu mwake. Amene kunyumba kwake kunali matenda ankapeza mtolo wake wanenepa, popanda wina kunenapo kanthu.

Pokapereka malaya ku hotela sankapita okha. Ulendo uliwonse ankatenga munthu wina wa pamdadada, n'kulowa naye mpaka mu ofesi ya bwana wogula katundu uja. Bwanayo akayamikira msoko, iwo ankamukankhira munthuyo kutsogolo. "Si ine, bwana, wasoka ndi uyu. Mumuone bwino nkhope." Malipiro akabwera ankagawa tsiku lomwelo, ndipo iwo ankatenga gawo lofanana ndi la wina aliyense, ngati kuti kudula konse kuja ankadula ndi mizimu.

Panalibe tsiku limene tinakhala pansi kusankha mtsogoleri. Zinangochitika kuti mwini mdadada akakweza lendi, kapena magetsi akadulidwa, kapena matelala awiri akalandana kasitomala, anthu ankati, "Tiyeni kwa amayi." Mwini mdadadayo, munthu wouma ngati chikopa, ankawamvera, chifukwa ankadziwa kuti mayiyu akanyamuka khonde lonse linyamuka naye. Zimenezo sindingakane. Pa nthawi yawo palibe shopu imene inatsekedwa chifukwa cha lendi, ndipo palibe telala amene anagulitsa makina ake kuti adye.

Koma kunyumba tinkabwerera tonse, ndipo ine ndi amene ndinkatchera mabeseni denga likamadontha. Panali bambo wina tinkamutcha Adazi. Anafika pamdadada ndi buluku lobwereka, osadziwa ngakhale kulowetsa ulusi. Achemwali anamuphunzitsa makolala ndi majekete, kenako anamupatsa makina awo achiwiri kuti ayambe payekha. Patapita zaka Adazi anamanga nyumba ya mpanda ndi geti, ife tikadali m'zipinda ziwiri za lendi. Panalinso Amake Mapasa, amene mwamuna anawathawa ana ali kumsana. Anadya m'mbale yathu mpaka anaima pawokha, ndipo achemwali ankawakonda kuposa mmene ankandikondera ine, zimenezo ndinena.

"Achemwali, chifundo chinapha nkhwali," ndinkawauza.

"Kupatsa n'kuika, mng'ono wanga."

"Kuika kuti? Mundisonyeze pamene mwaikapo, ndikatapeko tigule malata."

Ankangoseka, mapini ali kukamwa, n'kundiuza kuti simbi yapsa.

Anali ndi mwana mmodzi, wamwamuna. Bambo ake anamwalira iye asanayambe kuyenda, choncho tinamulera awiri, ndipo anakulira pansi pa tebulo lodulira, akugona pa zidutswa za nsalu. Kusukulu anzake ankamutcha Zigamba, chifukwa malaya ake ankasokedwa ndi zotsalira za hotela, mkono uwu mtundu wina, thumba mtundu wina. Mwana wa telala wotchuka! Sankalira, ankangoyang'ana. Anaona makina aja akunyamulidwa kupita kwa Adazi sabata yomwe nsapato zake zinali zitaseka kutsogolo. Atakula anaphunzira ntchito, ndipo dzanja anali nalo, msoko wake unali wowongoka kuposa wa amayi ake. Kungoti ankayenda atapisira, foni ili kukhutu, mawu ake onse ali bizinesi, mpaka apamdadada anamutcha Amanijala. M'mimba ndi nchipala.

Kenako maso a achemwali anayamba kuchita ng'ala. Poyamba ankandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, akunamizira kuti kunja kwachita mitambo. Pambuyo pake ankatsata mzere wa choko ndi chala. Chaka china, akudula pakhonde anthu ali ponseponse, sizasi inasiya mzere n'kulowera m'kati mwa nsalu. Amake Mapasa anakuwa. Achemwali anaima n'kupapasa pamene anadulapo. Kenako anaitana mwana wawo n'kumuika sizasiyo m'manja pamaso pa onse. Anthu anawomba m'manja, ndipo odayo inatha bwino chaka chimenecho.

Chaka chotsatira, kutatsala pang'ono kuti nsalu ibwere, Amanijala analowetsa tebulo m'shopu. Anazula msomali uja, mapatani anawaika m'bokosi, bokosilo analikhoma ndi loko. Anagula makina odulira a magetsi, amene amadula nsalu zambiri zosanjikiza nthawi imodzi, ndipo analemba osoka aganyu ochokera mbali ina ya tauni. Galimoto ya hotela itafika, matelala anatuluka monga mwa masiku onse. Adazi anali atapinda kale mikono ya malaya kuti athandize kutsitsa.

"Musavutike, bambo," anatero mnyamatayo. "Chaka chino tisoka tokha."

"Nokha? Inu ndi ndani?"

"Ife a shopu ino. Oda ndi ya shopu ino."

Adazi anayang'ana kwa achemwali, amene anali pampando pafupi ndi chitseko. Iwo sakanaona kuti akuyang'anidwa, koma anamva zonse. Anthu atabalalika, anamuitana mwana wawo m'kati, ine ndili pomwepo ndi simbi yanga.

"Mwanawe, anthu aja akadya chiyani?"

"Ife tinkadya chiyani, amayi? Mwagawa moyo wanu wonse. Muli ndi chiyani? Maso akufuna dokotala, ndani wabwera kudzafunsa? Adazi ali ndi geti. Inu muli ndi mabeseni."

"Ntchito iyi ndi yaikulu, siingatheke ndi manja ochepa."

"N'chifukwa chake ndagula makina. Makina sapempha gawo."

"Makina sakuwanso ukalakwitsa."

"Sindilakwitsa. Munandipatsa sizasi anthu akuona. Kapena mukufuna kundilanda anthu akuonanso?"

Mawu amene mwanayo ananena anali omwe ine ndinkanena zaka zonse, koma m'kamwa mwake ankamveka moipa. Ndipo anali ndi mfundo, tisaname. Palibe ndi mmodzi yemwe wa pakhonde paja amene anali atafunsapo za dokotala wa maso.

Nsalu ya hotelayo inali yodinda. Mbali imodzi inali ndi timaluwa ta chizindikiro chawo, mbali inayo inali yoyera mbee. Inkadindidwa ya iwo okha, sungaipeze m'sitolo, ndipo ankaipereka yoyeza ndendende, yosatsala. Tsopano mkono wa malaya uli ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, wakumanja sungalowe kumanzere. Achemwali popinda nsalu pawiri, maluwa kuyang'anizana ndi maluwa, sizasi inkatulutsa yokha mkono wakumanja ndi wakumanzere nthawi imodzi. Tonse tinazolowera zimenezo moti palibe ankaziganizira. Amanijala ndi makina ake sanapinde. Anadula nsalu m'zigawo zazitali, n'kuzisanjikiza bwinobwino zonse maluwa ali m'mwamba kuti aziona kukongola kwake, n'kuikapo patani. Chitseko anali atatseka kuti apamdadada asaone mmene makinawo amagwirira ntchito. Anadula mikono ya oda yonse tsiku limodzi, ndipo anatuluka akuimba mluzu.

Aganyu aja anapinda m'mphepete mwa mikonoyo n'kundipatsa kuti ndisite. Ine posita ndimasanja iwiriiwiri, wakumanja pamwamba pa wakumanzere. Ndinatenga woyamba, wakumanzere. Wachiwiri, wakumanzere. Ndinafukula mulu wonse mpaka pansi, thukuta lili kamukamu, ndipo wakumanja sindinaupeze ndi umodzi womwe.

"Mwanangu, tabwera kuno. Antchito a ku hotelawa ali ndi manja akumanzere okhaokha?"

Amanijala anabwera akumwetulira, akuganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Anatenga mikono iwiri, anaisanjikiza, anaitembenuza. Atautembenuza umodzi kuti ukhale wakumanja, panja panabwera mbali yoyera ija yopanda maluwa. Anayesa kuusokerera choncho mokakamiza pa malaya oyeserera, ndipo malayawo anapotoka paphewa ngati munthu wogwidwa khosi. Anakhala pansi pa simenti, makina ake ali pambali, ndipo ndinaona nkhope ya Zigamba wa kusukulu uja. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinkafuna kumuwaza ndi waya wa simbi. Pakhonde paja, nsalu isanakhudzidwe n'komwe, pakanapezeka wina wokuwa kuti mwasanja molakwika.

Theka la mikono linali litaonongeka, nsalu yoonjezera kunalibe, ndipo tsiku lokapereka linali likuyandikira ntchito yeniyeni isanayambe. Aganyu aja atanunkhiza vuto anapita kukadya masana osabweranso. Odayo ikanatayika, shopu yathu ikanatsekedwa, ndipo dzina la achemwali ku hotela kuja likanathera pomwepo.

Achemwali anapempha kuti tiwapatse mikono iwiri. Anaipapasa m'mphepete, anaisanjikiza pamwendo, ndipo sanamukalipire mwana wawo ngakhale liwu limodzi. Anangoti, "Mng'ono wanga, ndigwire dzanja." Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Tinayenda khonde lonse chitseko ndi chitseko, mayi wosaona akupempha anthu amene anawadyetsa.

Amake Mapasa sanadikire kuti amalize kulankhula, anazimitsa wailesi n'kutenga sizasi yawo. Ena anayamba ndi kudandaula kuti ali ndi madiresi a makasitomala, kenako anavomera. Adazi ndiye anatiimika pakhomo. Mpando unalipo, wopanda munthu, koma anapitiriza kupalasa makina mpaka anamaliza msoko wake, achemwali ali chiimire.

"Amanijala atuma inu? Iwowo miyendo yathyoka?"

"Ndabwera ndekha, bambo. Mwana walakwa."

"Anatiuza kuti asoka okha. Ife tinamva bwinobwino."

"Ndi mwana wanu yemwe. Munamunyamulapo."

"Tibwera chifukwa cha inu, amayi. Koma tebulo lituluke, bokosi litsekulidwe, ndipo iyeyo asagwire sizasi."

Ine magazi anali atawira. Makina amene ankapalasawo ndinkawadziwa mpaka pamene penti inasupuka. Ndinatsegula pakamwa, koma achemwali anandifinya dzanja, ndipo anamuthokoza Adazi ngati wawapatsa ng'ombe.

Tebulo linatuluka. Anagwirizana kuti mikono yakumanzere ya saizi yaikulu aidulenso ikhale yakumanja ya saizi yocheperapo, choncho kutsika mpaka kwa ang'onoang'ono. Ya anthu akuluakulu enieni inasowa pochokera, ndiye anabera nsalu pa matumba, pa misoko, ndi kumunsi kwa malaya onse. Masiku amenewo khonde linadzaza ngati kale. Achemwali anakhala pampando pakati pa anthu, chidutswa chilichonse chikudutsa m'manja mwawo, akupapasa n'kunena kuti ichi chipite kwa uje, ichi kwa uje. Ankaseka, ankatcha aliyense dzina lake lachipongwe, ankatuma tiyi. Sindinawaonepo osangalala chotero chiyambire kudwala maso. Mwana wawo ankanyamula mitolo kupititsa m'mashopu, mutu uli pansi, anthu akumufunsa ngati makina ake akufuna tiyi nawonso.

Malaya anatha, koma mochedwa, ndipo anali othina. Tinakapereka gulu, achemwali, ine, Adazi, Amake Mapasa ndi ena. Bwana wogula katundu anaitana woperekera zakudya wina wonenepa kuti ayese. Munthuyo atakweza manja, malaya anatuluka m'buluku, mchombo uli pamtunda. Palibe anaseka. Bwanayo analandira katunduyo chifukwa cha ulemu wa zaka zambiri, koma ananena mosabisa.

"Amayi, inu ndimakulemekezani. Koma maso apita, ndipo mwana wanu ndamuona ntchito yake. Za chaka chamawa sindikulonjeza. Ngati pamdadada panu pali amene angaikwanitse, adzandione."

Achemwali anatuluka mu ofesimo mtima uli m'malo. M'basi anandinong'oneza kuti zilibe kanthu dzina la shopu limene lilembedwe, bola ntchito ikhale ya pakhonde. Anthu aja anali ataona okha kuti pamodzi anapulumutsa zosapulumutsika. Amanijala sanathe kupirira maso a anthu. Anagulitsa makina odulira aja n'kupita kukafuna ntchito ku tauni ina, ndipo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Shopu inatsala ndi ine, wodziwa mabatani ndi simbi, kumalandira zopinda mabuluku ndi kusintha mazipi. Achemwali ankakhala kunyumba masiku ambiri.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa bwana wogula katundu mwini wake, atabwera miyezi ingapo pambuyo pake kuti ndimupindire buluku. Ankafotokoza akuseka, ngati nkhani yocheza. Sabata yomwe tinapereka malaya ija, Adazi anabwerera ku ofesi kuja yekha, atavala jekete. Anati odayo apatsidwe iye, atsitsa mtengo, ndipo sadzavutitsa bwana ndi chigulu cha anthu. Mawa lake kunapita wina, mkuja wake wina. Njira ankaidziwa onse, chitseko ankachidziwa, mlembi wa pakhomo ankawadziwa nkhope, chifukwa achemwali anawatengerako mmodzimmodzi zaka zonse zija. Aliyense ankapempha kuti anzake asamve. Aliyense anali ndi kanthu koipa konena za mnzake, uyu amamwa, uyu amaba nsalu, uyu misoko yake imamasuka.

"Ndiye ine ndinkangofunsa kuti muli ndi makina angati," anatero bwanayo. "Aliyense akuti amodzi, awiri. Malaya onse aja? Akanabwera pamodzi ngati kale ndikanaganizapo. Ndapereka ku fakitale, mayi. Kumeneko kulibe nkhani zambiri."

"Ndi Amake Mapasa omwe anabwera?"

"Amayi aafupi, oyera aja? Anabwera kawiri. Ndi amene anandiuza kuti achemwali anu aja anayamba kale kulakwitsa, anthu ankangowabisira."

Buluku lake ndinalipinda mwendo wina kufupika, ndipo sindinapepese. Kunyumba sindinanene kanthu. Ndinkadutsa pakhonde anthu aja akundipatsa moni wa mano oyera, akufunsa kuti amayi ali bwanji, ine ndikuyankha kuti ali bwino. Iwonso pakati pawo anali atadziwana kuti anapondana, moti ena sankalankhulana. Mwini mdadada anakweza lendi, ndipo panalibe woti apite kukalankhula naye. Mashopu awiri anatsekedwa, mu imodzi munalowa wogulitsa mafoni.

Nyengo ya oda itakwana, achemwali anadzuka m'mawa, anasamba, anavala diresi lawo labwino, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kumdadada. Ndinayesa kuzemba, ndinati kunja kuli fumbi, ndinati mwendo ukundipweteka. Anati akapita okha ndi ndodo. Tinapita, ndipo ndinawakhazika pampando pakhomo pa shopu. Anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira dzanja, mwaulemu kwambiri, n'kubwerera msanga m'mashopu mwawo. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, achemwali ankatembenuza mutu. Dzuwa linafika pamutu.

"Achedwa chaka chino," anatero. "Kapena anatsitsa dzulo? Walandira ndani, Adazi?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ngati ndi Adazi zili bwino, kudula amatha. Koma umuuze kuti Amake Mapasa awapatse mtolo waukulu, ana aja ali ku sekondale tsopano. Amachita manyazi kupempha, ukudziwa mmene alili."

Pamenepo ndiye chinandisefukira. Ndinali nditasunga miyezi yonse ija, koma kumva mayi wosaona akugawira mtolo munthu amene anakamugulitsa kawiri, sindikanatha. Ndinawauza zonse, mmene bwana anandiuzira, osachotsa kanthu. Ndinatchula aliyense, tsiku limene anapita, ndi zimene anakanena. Ndinawauza za fakitale. Mawu anga anakwera, ndipo ndikudziwa kuti khonde lonse linamva, chifukwa mawailesi anazimitsidwa ndipo palibe anatulutsa mutu.

Achemwali anamvetsera manja ali pamaondo. Nditamaliza sanalire, sanatukwane, ngakhale ine ndinkafuna atukwane.

"Palibe amene anati tiyeni tipite tonse?"

"Palibe."

"Ngakhale mmodzi?"

"Ngakhale mmodzi, achemwali."

"Ndi Amake Mapasa omwe?"

"Kawiri."

Anasisita mphepete mwa diresi lawo ndi chala, pamene pali msoko. Kenako anapapasa ndodo yawo, anaimirira, n'kutambasula dzanja kuti ndiwagwire. Ndinayamba kuwatsogolera cha kukhonde, njira yathu ya masiku onse yopita kokwerera basi, koma anaima nji.

"Ayi, kumeneko andipatsanso moni," anatero motsitsa mawu. "Tidzere kuseri."

Kuseri kwa mdadada kuli ngalande ya madzi oipa ndi mulu wa zinyalala, ndipo njira yake ndi yoterera. Tinadzera komweko, ine ndikuwauza poponda. Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo, koma pamdadada paja sanapondeponso.